Galimoto Yopanda Utsi Njabwino pa Moyo Wathu

Aliyense wokhala m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira ku Songwe mpaka ku Chilumba, amaudziŵa utsi wa magalimoto. Utsi wa petulo ndi dizilo umaononga mapapo, ndipo ana ndi odwala mphumu ndiwo amazunzika koposa. Galimoto ya magetsi siitulutsa utsi. Mafuta timachita kuitanitsa kunja kudzera ku Dar es Salaam, pamene magetsi a ku Wovwe amapangidwa ndi madzi athu omwe.

Nzoona kuti mtengo wake ngwokwera, ndiponso magetsi amazimazima. Choncho tiyambe ndi njinga zamoto za kabaza, pakuti batire lake nlaling'ono.

Koma chenjerani, makolo: galimoto yotereyi imayenda mwakachetechete. Phunzitsani ana kuyang'ana uku ndi uku asanaoloke msewu.