ZA UMOYO: Mankhwala a Cifuwa Ali ndi Muyeso Wake

Cisanu cikafika m'miyezi ya June ndi July, cifuwa cimalowa pafupifupi m'nyumba iriyonse. Usiku anthu amagona pafupi ndi moto wofuka utsi, masana amapuma fumbi la cimanga cimene akupuntha. Pamenepo botolo la mankhwala a cifuwa limayamba kuyenda khomo ndi khomo, ndipo ena amangopapira osayesa, poganiza kuti kumwa ambiri ndiko kucira msanga. Maganizo amenewa ndi olakwa.

Mankhwala ocotsa makhololo, monga aja okhala ndi guaifenesin, nchito yao ndi kusungunula makhololo olimba kuti azituluka mosabvuta munthu akatsokomola. Saletsa kutsokomola, ndiponso sapha tizirombo ta matenda. Wopyola muyeso sacira msanga, koma amangodziitanira mseru, kusanza ndi cizungulire.

Mabotolo ambiri a guaifenesin amakhala ndi mamiligalamu 100 m'mamililita 5 alionse. Pa botolo lotere munthu wamkulu amamwa mamililita 10 kufikira 20, napumira maora 4 asanamwenso, ndipo sayenera kumwa kopitirira kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Koma mphamvu ya mankhwala imasiyana, cotero muyeso woutsata ndi umene walembedwa pa botololo. Amene satha kuwerenga afunse wogulitsa kapena namwino, pakuti safunsa anadya phula.

Bvuto lalikulu liri pa supuni. Supuni yaing'ono yoyesera mankhwala imatenga mamililita 5, pamene yaikulu imatenga 15. Mai amene wauzidwa kuti apereke supuni ziwiri, iye natenga yaikulu, wamwetsa wodwala muyeso wa maulendo atatu nthawi imodzi. Supuni za m'nyumba nazonso sizilingana kukula. Ndi bwino kuyesera kacikho kamene kamabwera ndi botolo.

Mabotolo ena ndi osakaniza. Ngati muli kale paracetamol, wodwala asaonjezeko mapiritsi a Panadol, cifukwa paracetamol wocuruka amaononga ciwindi. Ena ali ndi mankhwala ogonetsa, ndipo wowamwa asamwe mowa kapena kuyendetsa galimoto. Mai wapakati ndi woyamwitsa ayambe afunsa ku cipatala.

Ana osakwana zaka 6 asapatsidwe mankhwala amenewa popanda uphungu wa acipatala, ndipo kuwagawira theka la muyeso wa akulu ndi kulota cabe. Madzi ofunda amawathandiza, ndiponso uci pang'ono kwa mwana amene wapyola caka cimodzi. Khanda lingopitiriza kuyamwa. Koma mwana akamapuma mofulumira, m'munsi mwa cifuwa mukulowa m'kati, kapena akakana kuyamwa, cimeneco cingakhale cibayo. Apite naye ku cipatala tsiku lomwelo.

Kumene botolo lacokera nakonso ndi nkhani. M'caka ca 2022 ana pafupifupi 70 anamwalira m'dziko la Gambia impso zao zitaonongeka, ndipo ofufuza analoza mankhwala a cifuwa amene munali poizoni. Muno m'Zambia bungwe la ZAMRA ndilo limapereka cilolezo kwa ogulitsa mankhwala. Botolo la pa msika, lopanda dzina kapena limene tsiku lake linatha, ndi lofunika kulipewa.

Pomariza, cifuwa cikafika masabata awiri, makamaka ngati munthu akuonda, akutuluka thukuta usiku kapena akulabvula magazi, asagulenso botolo lina. Akapimitse makhololo, popeza cingakhale cifuwa cacikulu ca TB. M'zipatala za Boma mankhwala ake ndi aulere, ndipo amene wawamwa mokhulupirika kwa miyezi 6 kawirikawiri amacira. Wozengereza amapatsirako ana ndi onse ogona naye m'nyumba imodzi.