Ulendo wa ku Chennai: werengani masiku, osati bilu yokha

Sabata ino nkhani za apongozi ndi zibwenzi zamseri ziyambe zapuma, kaamba ka kalata imene ndalandira kuchokera ku banja lina lachinyamata. Mwana wawo wa zaka zinayi adamupeza ndi bowo mumtima, ndipo madokotala akuti opaleshoni yake ikachitikire ku India. Chipatala china cha mumzinda wa Chennai chawatumizira kale kalata ya mtengo. Agulitsa galimoto, achibale asonkha, mpingo nawo waponyapo kangachepe, moti ndalama ya pa kalatayo yakwana. Funso lawo nlakuti: "Amayi, tinyamuke?"

Dikirani kaye, ana anga. Ndalama mwapezayo ndi ya mpeni wa dokotala. Ya ulendo simunayambe kuiwerenga.

Pa zaka zonse ndinagwira ntchito m'wodi, sindinaonepo thupi la munthu likutsatira kalendala. Chipatala chikalemba kuti masiku khumi, chikunena masiku ogona pabedi lawo. Sichikuwerenga masiku oyeza magazi ndi kujambula mtima opaleshoni isanachitike, kapena masabata amene mudzakhale kunja kudikira kuti bala lipole ndipo dokotala alembe kalata yoti mwana angathe kukwera ndege. Apa mpamene mabanja ambiri amagwa chagada. Tiyerekeze kuti chipinda, chakudya ndi mayendedwe zikukudyerani madola 40 pa tsiku. Masiku khumi ndi madola 400. Koma mukakhala masiku 35, ndi madola 1,400. Ndiye alembereni achipatalawo, muwafunse mosapsatira: tifike masiku angati opaleshoni isanachitike, nanga tikatuluka tikhalenso angati? Pa yankho lawolo onjezanipo sabata ziwiri zanuzanu.

Afunseninso kuti mtengo alembawo ukuphatikiza chiyani. Masiku angati a ku ICU? Magazi? Mankhwala otuluka nawo? Bedi la woyang'anira wodwala? Kalata imeneyi imakhala yongoyerekeza, ndipo tsiku limodzi loonjezera ku ICU litha kumeza ndalama ya chakudya ya mwezi wathunthu.

Ndinenepo za unamwino pang'ono. Chifuwa, malungo kapena dzino lobooka zimaimitsa opaleshoni ya mtima. Pitani naye mwana kwa dokotala wa mano konkuno musananyamuke. Kukachotsetsa dzino ku Chennai uku mukulipira chipinda tsiku ndi tsiku nkutaya ndalama dala.

Tsopano za ndege. Palibe ndege yochoka ku Lilongwe kapena ku Blantyre kukatera ku India mwachindunji. Ambiri amadzera ku Addis Ababa, kumene Ethiopian Airlines idayamba ulendo wolunjika ku Chennai mu 2022. Ena amadzera ku Nairobi nkukatsikira ku Mumbai, koma pamenepo pafunikanso tikiti ina, poti Chennai ali kutali, kum'mwera chakum'mawa kwa dzikolo. Musathamangire tikiti yotchipitsitsa. Gulani imene amalola kusintha tsiku lobwerera, ndipo funsiranitu kuti kusinthako nzingati. Ethiopia ndi Kenya ali m'gulu la maiko a matenda a yellow fever, ndipo a ku India sachita masewera pa nkhani imeneyi. Bayitsani katemera, mutenge khadi yachikasu ija. Imayamba kugwira ntchito pakatha masiku khumi, choncho si ya dzulo la ulendo.

Viza ya wodwala ndi yosiyana ndi ya womuperekeza, iliyonse ili ndi mtengo wake, ndipo operekeza amaloledwa awiri basi. Apa ndiyankhule ngati mayi wanu. Ndikudziwa kuti nonse awiri mukufuna kukakhala pambali pa mwana. Koma munthu wachiwiri ndi tikiti ina, viza ina, mbale ina katatu pa tsiku. Ngati thumba ndi lapakatikati, apite mmodzi, amene ali wolimba mtima ndiponso womasuka pa Chingerezi, kaya ndi bambo kaya ndi mayi. Wotsalayo asunge ntchito, asamale ana enawo ndipo akhale wothamanga kubanki zikavuta. Kumeneko nakonso nkudwazika.

Bajeti yanu ilembedwe m'madola. Mukukumbukira kuti kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene adasonkha makwacha nkugona nawo adadzuka ndalama zitaperewera. Pitani kubanki msanga ndi kalata ya chipatala, chifukwa ndalama zakunja sizipezeka tsiku lomwelo. Ya chipatala itumizidwe ku akaunti ya chipatalacho, osati ya munthu amene akuti "ndimathandiza odwala". Ndipo wina akakupatsani marupee amene adatsala nawo kalekale, yang'anitsitsani: mapepala akale a 500 ndi 1,000 adathetsedwa mu 2016, ndipo a 2,000 adayamba kuwachotsa mu 2023.

Pogona ndi pamene mungapulumutse zambiri. Pafupi ndi zipatala zikuluzikulu, monga Apollo ya pa Greams Road, pali nyumba zambiri zogona alendo obwerera matenda. Funani chipinda chokhala ndi pophikira, choti nkuyenda wapansi kukafika kuchipatala, ndipo kambiranani mtengo wa pa sabata kapena pa mwezi. Choziziritsa m'chipinda musachione ngati matama. Chennai ndi wa m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo kuyambira Epulo mpaka Juni kumatentha kufika madigiri 40, kwachinyontho, thukuta losauma. Mvula yawo yamphamvu imagwa Okutobala mpaka Disembala. Mu 2015 ndi mu 2023 madzi adasefukira mpaka bwalo la ndege lidatsekedwa. Mukapita nyengo imeneyo, masiku oonjezera aja musawachepetse.

Chakudya chawo ndi chotchipa koma tsabola ndiye wosanena. Mwana wodwala muyambitseni idli, timikate tofewa ta mpunga tophika ndi nthunzi, topanda tsabola. Mpunga, nyemba, mazira, nthochi ndi masamba zili mbwee, ndipo m'masitolo muli ufa wa mawere, iwo amati ragi, woti nkuphikira phala. Madzi akumwa gulani a m'botolo, muwalembe m'bajeti. Poyenda pali sitima ya Metro imene imafika mpaka kubwalo la ndege, komanso Uber ndi Ola. Tinjinga tamoto ta matayala atatu tija, gwirizanani mtengo musanakwere.

Chiyeso chachikulu chili ku T. Nagar, kumene nsalu ndi zibangili zimachita kukodola. Achibale amene anasonkha aja adzayamba kutumiza mauthenga a "mutigulireko". Auzeni musananyamuke kuti ulendowu ndi wa matenda. Ndalama ikatsala, gulirani mankhwala a mwana a miyezi ingapo, poti kumeneko ndi otchipa, ndipo dokotala akulembereni dzina lenileni la mankhwalawo, osati la kampani lokha, kuti akatha mudzathe kuwapeza kuno. Kalata yotulukira m'chipatala ndi zithunzi zonse za mtima muziike m'chikwama cha m'manja. Dokotala wa kuno adzazifuna tsiku loyamba lomwe mudzabwere naye mwana kusikelo ya mtima.