Masikono nawonso ndi chakudya

Kuno ku Kanyama palibe amene amayamba nsima osasamba m'manja, agogo angamukalipire. Koma munthu yemweyo, atagwira ndalama ndi zitseko za minibasi tsiku lonse, amagula masikono pa kantemba n'kumadya akuyenda. Ukamufunsa amati akungopha njala, sakudya ayi.

Ayuda anaiganizira nkhaniyi kalekale. Si alendo kwathu kuno: malemu Simon Zukas, amene anamenyera nawo ufulu wa Zambia, anali Myuda. M'buku lawo la malamulo, Shulchan Aruch, limene Yosef Karo analemba n'kusindikizidwa ku Venice mu 1565, munthu asanadye buledi amatunga madzi m'kapu, kuthira padzanja lililonse, n'kunena dalitso. Buledi wake ndi wa tirigu, barele ndi mbewu zina zitatu. Chimanga mulibemo, ndiye nsima yathu siiwerengedwa ngati buledi. Zimenezo n'zawo.

Chimene chimandikopa ine ndi lamulo la zophika zofanana ndi buledi, monga makeke ndi mabisiketi. Ukangolawa pang'ono, susamba, ndipo dalitso lake ndi lina. Koma ukadya zochuluka moti anthu ambiri angakhute nazo, chakudyacho chimasanduka buledi pamaso pa lamulo: samba, dalitsa monga pa chakudya chenicheni.

Tsono taonani m'makomboni athu. Wotsitsa katundu ku Soweto Market, mwana wasukulu ku Chawama, mayi wogulitsa makala ku George, nkhomaliro yawo nthawi zambiri ndi masikono kapena vitumbuwa ndi maheu. Nsima amakaiona usiku. Chimene timachiyesa chopha njala ndicho chikuwagwira mimba tsiku lonse, ndipo chimadyedwa ndi manja osasamba.

Ayuda amasamba chifukwa cha chipembedzo, osati kuopa matenda, ndipo manja ayenera kukhala oyera kale mwambowo usanachitike. Madzi okha sathana ndi kolera. Pafunika sopo, ndiponso madzi abwino, amene kuno timachita kugula pa kiyosiki. Komabe kuthira kwa Ayudako kukuposa beseni lathu limodzi, limene limayambira kwa atate n'kukathera kwa mwana wamng'ono madzi atada bii.

Mu Januwale 2024 odwala kolera anagonekedwa ku Heroes Stadium, sukulu zinachedwa kutsegulidwa, ndipo pa tuntemba tambiri panaoneka chigubu ndi sopo. Mvula itatha, zigubuzo zinabwerera kunyumba. Khonsolo iwauze ogulitsa zakudya kuti azibwezeretse mvula ya Novembala isanagwe.