Kodi anthu amathawiranji chipatala?

Mu 1995 misewu yonse inkaloza ku Machinga. Mabasi, malole ndi matola zinkakhuthula anthu pakhomo pa a Billy Goodson Chisupe, kufupi ndi ku Liwonde, kukamwa mchape umene ankati uchiza Edzi. Mkuluyu ankati mtengowo anachita kuulota. Anamwa anthu zikwizikwi, ophunzira ndi mabwana omwe, koma maliro sanaleke.

Ambiri amati anthuwo anali opusa. Ine ndikukana. Masiku amenewo ma ARV aulere kunalibe, anadzayamba mu 2004. Wodwala ankangouzidwa kuti apite kumudzi, basi. Nanga munthu woti wauzidwa choncho, akamva kuti kwinakwake kuli chikho cha chiyembekezo, angakhale pansi?

Tsono taonani za ku Balaka. Kolera amene anabuka ku Machinga mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mu Febuluwale 2023 anthu olusa anaphwanya chipatala cha Nandumbo, ati achipatala ndiwo ankafalitsa matendawa ndi majakisoni. Bodza lamkunkhuniza, ndipo kuphwanya chipatala n'kudziwotchera nkhokwe wekha. Koma tiyeni tifunse kumene bodzalo linamera.

Kolera amamaliza madzi m'thupi m'maola ochepa. Wodwala akafika mochedwa, namwino amathamangira kumuika diripi, mwina n'kumwalira pomwepo. Wachibale waona chiyani? Waona singano, kenako imfa. Mtembo aukulunga m'pulasitiki, kuusambitsa mwamwambo akaniza. Zonsezi zili ndi zifukwa zomveka, koma pakasowa wofotokoza, amafotokoza ndi uja wa pamsika.

Ineyo ndinapitako ndi mayi anga pachipatala china. Dokotala analemba m'kabuku osadzutsa mutu, ndipo nditafunsa dzina la matenda anandiyankha kuti, "Mukufuna mudziwe kuti mutani?" Mankhwala tinalandira, koma mayi anamwa masiku awiri okha, otsalawo anaponya kudzala. Ndikudziwa, mzere unali wautali ndipo munthuyo anali yekha chiyambire m'mawa. Komabe mawu awiri okha sakanamuchedwetsa.

A Unduna wa Zaumoyo, polemba ntchito anamwino ndi madokotala ambiri mudzawapatsa mpata wolankhula ndi odwala. Ndipo inu ophunzira, mphekesera ya jakisoni ikafika pa foni yanu, kaifunseni kaye kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu musanaitumize kwa amalume kumudzi.