Pamene wogulitsa ali mmodzi yekha

Ife a ku Kacholola tikhala m'mbali mwa mseu waukulu, pakati pa mlatho wa Luangwa ndi boma la Nyimba. Malole a katundu apita pakhomo pathu usana ndi usiku, koma ndi ocepa amene aima. Cotero m'midzi ya kutali ndi mseu, munthu amene ali yekha ndi sopo, mcere ndi mafuta a nyale, ndiye mfumu ya mtengo. Kodi mtengo wakewo aupeza bwanji?

Ambiri aganiza kuti angochula ndalama iliyonse imene mtima wake wafuna. Si conco ai. Munthuyu awerengera. Tiyerekeze kuti sopo aoda pa K10. Akagulitsa pa K12, anthu 20 agula ndipo phindu lake ndi K40. Akakweza kufika pa K16, anthu 10 okha agula, koma phindu likhala K60. Akadumphira pa K25, awiri okha ndiwo agula, phindu nkutsika kufika pa K30. Tsono asankha K16. Anthu 10 aja abwerera cimanjamanja, ngakhale anali okonzeka kupereka ndalama zoposa zimene iye anaodera. Pakadakhala mnzake wogulitsa pafupi, akadapita kwa iye.

Koma wamalonda saiwala tindalama ta anthu obwerera aja. Mawa lake abweretsa sopo wina wochipa, wosatulutsa thovu. Apa ndiye pagona nkhani. Iye asamala kuti sopo wochipayo asakhale wabwino kwambiri, kuopa kuti aphunzitsi ndi anamwino angaleke kugula wodula uja. Kuipa kwa katundu wa amphawi nthawi zina sikucitika mwangozi. Ndi mpanda wochingira a ndalama kuti asatuluke m'khola lao.

Akuluakulu adzakumbukira mwezi wa December m'caka ca 1986. Boma linacotsa thandizo lake pa ufa woyera wa breakfast, mtengo wake nkukwera kuposa kawiri, pamene ufa wa roller, wodyedwa ndi osauka, unatsala pa mtengo wakale. Eni zigayo zazikulu anaona kumene kunali phindu, nayamba kugaya kwambiri ufa wodulawo. Wa roller unasowa m'masitolo. Ku Copperbelt kunabuka cipolowe, anthu anafa, ndipo a Kenneth Kaunda anabweza mtengo wakale natenga zigayozo kukhala za boma.

Kuno kwathu nkhani iyi tiidziwa bwino ndi thonje, kungoti kumeneko mmodzi uja ndi wogula. Kuyambira mu 1977 kampani ya boma ya Lintco ndiyo inali kugula pafupifupi thonje lonse m'dziko muno. Mu 1994 inagulitsidwa kwa makampani awiri, Lonrho ndi Clark Cotton, ndipo Clark ndiyo inakhazikika kuno kum'mawa. Pambuyo pake nchito ya thonje ya Lonrho inalowa m'manja mwa Dunavant. Mlimi anali kulandira mbeu ndi mankhwala pa ngongole, nalonjeza kugulitsa thonje lake kwa womkongozayo.

Tisanamize anthu. Ogula ocepawa anacita cinthu cimodzi cabwino. Tizingwe ta masaka a pulasitiki tikalowa m'thonje, tiononga nsalu pakuti sitigwira utoto. Makampani aja anayamba kukana thonje lotero pa malo ogulira, alimi nkuphunzira kulisamala, ndipo thonje la Zambia linachuka pa misika ya kunja nkumagulidwa pa mtengo wokwererapo. Anatero cifukwa anadziwa kuti phindu la ukhondowo libwerera m'thumba mwao, popanda wina wolilanda. Wamalonda wopanda mpikisano akonza katundu wake pokhapokha kukonzako kukamlipira. Koma gawo la mlimi pa mtengo wokwerawo, anali kuliika ndi wogula yemweyo.

Mu 2011 kilo imodzi ya thonje inafika pa K3,200 ya ndalama zakale. Mu 2012, mtengo utagwa pa msika wa dziko lonse lapansi, alimi anauzidwa K1,600, ndipo ena kuno kum'mawa anatentha thonje lao ndi mkwiyo. Nthawiyo makampani anali atacuruka, komabe mlimi wa ngongole ali ndi wogula mmodzi basi, ndipo mtengo aumva thonje lili kale m'nkhokwe.

Lamulo loletsa kupondereza pa malonda lilipo kuyambira mu 1994, ndipo mu 2010 linalimbitsidwa pokhazikitsa bungwe la Competition and Consumer Protection Commission. Aliyense angathe kukadandaula kumeneko. Koma Lusaka ndi kutali. Amai a m'Mphakati wina kuno anasonkha ndalama natuma mmodzi wa iwo ku Nyimba kukaoda katoni ya sopo, nagawana pa mtengo woodera kuonjezapo ya basi. Mwezi usanathe, mwini sitolo anatsitsa wake. Tsopano akambirana za kugula sikelo yao, kuti aziyamba ayeza okha thonje asanapite nalo kwa wogula.