Mayankho Ogula Saphunzitsa Fizika

Ku Mecanhelas kuno kwabuka malonda amene ine ndikuwakana poyera: malonda a mayankho. Mayeso olowera ku yunivesite akayandikira, mafunso akale a Fizika amayenda pa WhatsApp ndi m'tinyumba tojambula mapepala, funso lililonse yankho lake lili kale pansi pake. Ana athu amawacha resoluções. Amakopera mzere ndi mzere m'kope, n'kuloweza ngati katekisimu. Ena mwa ophunzitsa explicação madzulo amacitanso cimodzimodzi: alemba yankho pabolodi, ana akopera, makolo alipira mwezi ukatha. Kumeneku n'kubera ana nzeru ndi kubera makolo ndalama.

Ine sindine mphunzitsi wa Fizika. Sukulu ndinalekezera ku sekondale, ndipo nchito yanga ndi ya pa wailesi. Koma pa wailesipo ndimamva madandaulo a makolo. Munthu wagulitsa mpunga, nandolo kapena nsomba za ku Chiuta kuti mwana apite ku Universidade Rovuma ku Lichinga, kapena akaphunzire zaulimi ku Universidade Católica ku Cuamba. Mwanayo anamaliza kalasi 12 bwinobwino. Caka coyamba cisanathe, Fizika yamugwetsa, walephera kupeza ngakhale 10 pa 20. Makolo amathamangira kunena za ufiti kapena za aphunzitsi ankhanza. Ine ndikuti tiyambe tafunsa ngati mwanayo anathetsapo funso limodzi yekha, popanda yankho la wina pambali.

Ku yunivesite safunsa zimene unaloweza. Amatenga lamulo lomwelo n'kuliveka malaya ena: pamene unazolowera galimoto aikapo mwala wogwa, pamene ankafunsa nthawi afunsa mtunda. Woloweza amaima kakasi, cifukwa iye ankadziwa nkhope ya funso, njira yake sankaidziwa.

Tiyeni titenge citsanzo ca pakhomo. Sitima za malasha zocokera ku Moatize zimadutsa m'Malawi, kulowa kwathu pa Entre-Lagos, n'kupitirira ku Cuamba mpaka ku Nacala. Tinene kuti sitima ikuthamanga makilomita 36 pa ola, ndiwo mamita 10 pa sekondi. Woyendetsa wagwira mabuleki, ndipo sekondi iliyonse liwiro likucepa ndi mamita 0,2 pa sekondi. Iyenda mtunda wotani isanaime? Woloweza ayamba kusakasaka fórmula m'mutu. Woganiza ati: kucotsa 0,2 pa 10 mpaka atheretu, pafunika masekondi 50. Sitimayi yayamba ndi 10, yamaliza ndi ziro, ndiye kuti pakatikati ndi mamita 5 pa sekondi. Mamita 5 kuculukitsa ndi 50, ndi mamita 250.

Tsopano sinthani funso, sitima ithamange makilomita 72 pa ola. Amene anakopera ati liwiro lawirikiza kawiri, mtunda ndi 500. Walakwa. Nthawi yoimira yafika masekondi 100, liwiro la pakatikati lafika mamita 10, mtunda ndi mamita 1000, kuwirikiza kanayi. Mwana amene wazipeza yekha zimenezi sadzaiwala, ndiponso sadzayerekeza kudumpha njanji ndi njinga sitima ikubwera. Nzeru yotereyi sigulidwa pa pepala.

Ndikudziwa zimene ena adzandiyankha. Adzati mabuku ndi ocepa, zipangizo zoyesera palibe, ana m'kalasi ndi oculuka, mphunzitsi mmodzi sangawafikire onse. Zonsezi n'zoona, ndipo boma liyenera kuzikonza. Koma umphawi suthetsedwa ndi kukopera. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu ku Malawi, anasiya sukulu nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 cifukwa cosowa ndalama. Ankabwereka mabuku m'kanyumba kowerengeramo, lina mwa iwo lochedwa Using Energy. Cingelezi ankacimva pang'ono, conco ankatsata zithunzi n'kumaganiza yekha. Anatola zitsulo za njinga ndi zina zotayidwa, n'kupanga makina a mphepo amene anayatsa magetsi kunyumba kwawo. Mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America. Palibe amene anamugulitsa resolução ya makinawo.

Ena adzati Fizika ndi ya Cipwitikizi, m'Cinyanja singaganizidwe. Bodza limeneli latipundula kokwanira. Pakati pa 1993 ndi 1997, boma linayesa kuphunzitsa ana a ku Tete m'Cinyanja ndi Cipwitikizi pamodzi pa nchito yochedwa PEBIMO, ndipo pambuyo pake maphunziro a zinenero ziwiri analoledwa m'sukulu za pulayimale. Nanga n'ciyani cimaletsa wophunzira wamkulu kufotokoza funso m'cinenero cimene amalotera? Ine pamwambapa ndaimitsa sitima m'Cinyanja, ndipo yaima. Mayeso mudzalemba m'Cipwitikizi, inde, koma ngati simungathe kuuza agogo anu cimene funso likufuna, ndiye kuti nanunso simunalimve.

Inu acinyamata, njira yake nayi. Werengani funso kawiri, tsekani buku, mulinene m'mau anu. Jambulani cithunzi, ngakhale cikhale coipa. Lembani zimene mwapatsidwa ndi cimene cikufunidwa, mamita paokha, masekondi paokha, ndipo makilomita pa ola muwasinthe musanayambe. Musanagwire kakuleta, yerekezani kukula kwa yankho. Mukapeza kuti sitima yaima pa mamita awiri, dziwani kuti penapake pakhota. Limbanani nalo funsolo theka la ola musanasuzumire yankho la munthu wina, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukasuzumira, onani cabe pamene munatsamira, mutsekenso. Mawa lake mulibwereze, mutasintha manambala. Mafunso atatu othetsa nokha aposa makumi atatu okopera.

Sindikuletsa kuthandizana. Mutu umodzi susenza denga, koma posenza denga aliyense amaikapo phewa lake. Mukakumana m'gulu, aliyense abwere atayesa kale payekha, ndipo afotokoze pamene wakanikira. Gulu limene mmodzi amalemba asanu akukopera likukonzekera kugwa pamodzi.

Inu aphunzitsi, lekani kucita manyazi mwana akakhala cete pabolodi akuganiza. Kucedwa kumeneko ndiye kuphunzira. Mupatseni funso limene silinalembedwe paliponse: bwato la pa Chirua limira litasenza matumba angati, batire ya sola iyatsa nyale maola angati.

Ndipo inu makolo anzanga, ndalama ndi zanu, thukuta ndi lanu. Musanalipire explicação mwezi uno, pitani madzulo amodzi mukaime pazenera. Simufunika kudziwa Fizika kuti muone amene wagwira coko. Ngati masiku onse cili m'manja mwa mphunzitsi, mwana wanu ali pansi akukopera, bwererani nazo ndalamazo mukagule feteleza.