Dambo Louma Silidyetsa Mudzi

Kumene mtsinje wa Zambezi umathira m'nyanja yamcere, pafupi ndi Chinde ku Mozambique, anthu akhala akulima ndi kuwedza motsatira madzi. Kale mtsinjewo unkasefukira caka ndi caka, n'kusiya matope aconde. Madziwo akaphwa, alimi ankabzala pacinyontho, pomwe asodzi ankakola nsomba m'mathamanda otsalira.

Damu la Kariba litamangidwa mu 1959, ndi la Cahora Bassa mu 1974, kusefukira kuja kunasokonekera. Magetsi tinawapeza, sitikana. Koma kumunsiko madambo ambiri anauma, nsomba zinacepa, ndipo nyengo yobzala inaleka kudziwika bwino.

Ife kuno tilibe nyanja, koma tili ndi madambo. Tikamakumba ngalande zoumitsa dambo lonse, tikamalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje ndi kutentha bango, tikucita zomwezo pamudzi pathu. Cilimwe cikadzafika, dimba lidzamwa kuti? Ng'ombe nazo?

Tikuti tilime m'mbali mwa dambo, pakati pake tisiyepo udzu ndi bango. Mulungu anatipatsa nthaka kuti tiisamalire, ndipo a kumunsi kwa mtsinje ndi anansi athu.